Chitsulo Kapena Nkhumba

Patebulo pa dokotala panali tinthu tiwiri tozungulira ngati mphete. Koyamba kanali kolimba, konyezimira, ndipo dokotala akakagwedeza kankalira kuti tche, tche. Kachiwiri kanali kofewa, kotuwa ngati chikopa chonyowa. Kamodzi mwa tiwirito kanali koti kadzalowe mu mtima wa Zakia pakatha masabata atatu.

Zakia anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Zilonda zapakhosi zomwe zinkamuvutitsa ali mwana kwawo ku Namwera zinamuwonongera valavu, kachitseko komwe kamatsegulira ndi kutsekera magazi mu mtima. Tsopano akamakwera masitepe opita kuchipinda chake ku Yeoville ankapuma kawiri asanafike pamwamba. Ku Joni analibe m'bale. Anali ndi Fahad yekha, mnyamata wa kwawo konko, yemwe anapangana naye kuti adzamanga nikahi, ukwati wa Chisilamu, mu Disembala.

Tsikulo Fahad anali atapita ndi lole ku Durban. Popeza Chingerezi cha Zakia chinali chongokwerera takisi, Fahad anatuma msuweni wake Asma kuti akamumasulire. Asma anabadwira ku Joni, sukulu anaphunzira konko, ndipo akamaitana Fahad ankati "mwamuna wanga", monga amaserera asuweni, ngakhale Zakia ali pomwepo.

Dokotala, mayi wa magalasi, analankhula kwa nthawi yaitali. Analoza kolimba kaja, analoza kofewa, anajambula papepala. Atamaliza, Asma anatembenuka.

"Akuti usankhe, mlamu. Aka n'kachitsulo, sikatha. Aka ndi ka nkhumba."

"Ka chiyani?"

"Nkhumba. Amadula mu mtima wa nkhumba n'kukusokerera."

Zakia anakankhira mpando m'mbuyo. "Astaghfirullah! M'thupi mwangamu? Ndiziswali bwanji?"

"Nanenso ndikudabwa, sisi."

"Koma alankhula zambiri. Zonse zija angonena zimenezi?"

"Madokotala ndi choncho, amakonda kudzimva okha."

"Ndamva akutchula mwana. Mawu amenewo ndimawadziwa."

"Akuti ukachira udzabereka bwinobwino. Mapasa, ngati ukufuna."

Zakia anamwetulira, naloza kachitsulo. Dokotala anavula magalasi, namuyang'ana iye mwini, n'kufunsa pang'onopang'ono. Asma anati akungofuna kutsimikiza. Dokotala anafunsanso, kawiri, ndipo nthawi zonse Zakia anagwedeza mutu mwamphamvu, chala chili pa kachitsulo. Pamapeto pake anasaina. Dokotala anapereka kabuku kofotokoza za opaleshoniyo, Asma n'kukalandira.

"Ndikusungira," anatero, akukaponya m'chikwama chake.

* * *

Mawa lake achipatala anamutumiza kwa dokotala wa mano, chifukwa tizilombo ta m'dzino lowola tikhoza kuyenda m'magazi n'kukakhala pa valavu yatsopano. Anamuzula dzino limodzi lam'mbali. Ali m'takisi, thonje lili m'kamwa, foni inalira. Unali uthenga wa Fahad.

"Wasankha chiyani, mkazi wa Disembala?"

"Chitsulo. Akuti chimalira. Udzagona ndi wotchi pambali."

"Bola. Sindidzachedwanso kuntchito."

"Andizulanso dzino. Udzandifunabe?"

"Ngakhale azule onse. Ndizidzakutafunira nyama."

Zakia anaseka mpaka thonje linagwera pamiyendo. Madzulo a Lachinayi Fahad anabwerako ku Durban, koma sanaimbe. Anangolemba kuti, "Mawa tikatuluka kumapemphero a juma ubwere kwa azakhali. Pali nkhani."

* * *

A Mwanahalima, mlongo wa malemu bambo a Fahad komanso mayi a Asma, ankakhala ku Mayfair. Ndiwo analandira Fahad atangofika ku Joni, ndipo mawu awo m'banjamo sankagwa pansi. Zakia anafika tsaya lili lotupa, akupuma mofulumira, ndipo anafuna kugwada kuti apereke salamu.

"Usadzivute," anatero a Mwanahalima. "Ungatifere pakhomo. Khala apo."

Patebulo panali mpunga ndi nyama ya mbuzi, zovundikira. Palibe anamupatsa madzi osamba m'manja. Fahad anakhala pafupi ndi zenera, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Asma anali pakona, maso ali pansi.

"Fahad, muwerengere m'chilankhulo chake, asadzati sanamve," anatero a Mwanahalima.

Fahad anawerenga osadzutsa mutu. "Munthu woikidwa valavu yachitsulo amamwa mapilisi osungunula magazi moyo wake wonse. Mapilisiwo akhoza kuwononga mwana m'mimba. Mayinso akhoza kutaya magazi ambiri pobereka. Mkazi wofuna ana aganize mofatsa asanasankhe."

Zakia anamva ngati chipindacho chapendekeka.

"Ine sanandiuze zimenezo."

"Sanakuuze ndani?" anafunsa a Mwanahalima.

"Asma. Anati ndidzabereka bwinobwino."

Asma anadzutsa mutu, misozi ili kale m'maso. "Hawu, mlamu! Ine? Sindinakuuze mawu aliwonse? Sunandigwire dzanja pachikepe paja n'kunena kuti, 'Usamuuze Fahad, adzadziwa titakwatirana'? Ndasunga masiku awiri, tulo osabwera. Ndi magazi anga uyu, sindingamubisire."

"Bodza! Iwe unati... unati..."

Mpweya unamuthera. Zinkamuchitikira nthawi zonse akakwiya: mtima unkathamanga, mawu n'kuduka. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, pakamwa pali yasa.

"Onani," anatero a Mwanahalima mosakweza mawu, "bodza lamutsamwa. Mwanawe, tamvera. Matenda sitikukunenera, amapereka ndi Allah. Tinavomera kuti mwana wathu akwatire munthu wokwera masitepe ngati nkhalamba. Tinavomera kuti adzakhale ndi chipsera kuyambira pakhosi mpaka pamimba. Koma mchimwene wanga anasiya mwana mmodzi yekha, ndi uyu. Dzina lake likathere mwa iwe, iwe ukudziwa?"

"Sindinadziwe, amayi."

"Amayi ako ali ku Namwera."

Zakia anatembenukira kwa Fahad. "Iwe ukundidziwa. Mayina a ana tinasankha limodzi."

"Unasaina kapena sunasaine?" anafunsa Fahad.

"Ndinasaina, koma..."

"Dokotala anakufunsa kangati?"

"Katatu."

"Katatu konse iwe osadabwa kuti akufunsiranji?"

"Kena kaja kanali ka nkhumba, Fahad! Ukanafuna ndisankhe nkhumba?"

"Ndikanafuna undiimbire foni usanasaine."

Zakia anaimirira movutika. Anadikira pakhomo kuti Fahad amuperekeze kokwerera takisi monga ankachitira nthawi zonse, ndipo Fahad anayambadi kudzuka.

"Mwamuna wanga, khala udye," anatero Asma, akuvundukula mbale. "Mpunga uzizira."

Masiku onse Asma akatero anthu ankaseka. Tsikulo palibe anaseka, ndipo Fahad anakhalanso pansi.

* * *

Kwa masabata awiri Zakia ankalemba tsiku lililonse. "Wallahi sindinadziwe." "Tiye limodzi kwa dokotala ukamve wekha." "Fahad, ndikuopa." Foni inkaonetsa kuti mauthengawo awerengedwa, koma yankho silinkabwera. Anapita yekha kukatengetsa magazi, yekha kukajambulitsa chifuwa. Kulikonse ankangoti inde, n'kumatsatira chala cha womulozera khomo.

Lamlungu Asma anaika chithunzi pa Watsapu: iye atakhala kutsogolo kwa lole ya Fahad, atavala chipewa cha Fahad. Patangopita mphindi zochepa anamulembera Zakia.

"Mawa usaiwale mswachi ndi masilipasi, mlamu. Tonse kuno tikukuchitira duwa kwa Allah."

* * *

Lolemba m'mawa anamugoneka m'wodi ya amayi odwala mtima. Opaleshoni inali ya mawa lake. Anamuvula ndolo, anamupatsa sopo wofiirira woti asambe thupi lonse, namuuza ndi manja kuti ikakwana nthawi yomwe analemba pakhoma asadyenso kanthu. Zakia anakhala pabedi akudzilankhulira yekha.

"Mayo ine, ndifera kwa eni."

"Ufera chiyani, wakumudzi?"

Anali namwino wamfupi, wa imvi zochepa, yemwe amakankha kangolo ka mankhwala. Anati dzina lake ndi Sisita Glory, kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo wagwira ntchito m'wodimo zaka khumi ndi zisanu. Zakia atamva Chichewa analira ngati mwana. Sisita Glory anamusiya alire, kenako anatsegula faelo yake.

"Chitsulo? Uli mtsikana chonchi? Ana uli nawo angati?"

"Ndilibe."

"Nanga ka ng'ombe unakakaniranji?"

"Ka nkhumba, sisita. Ndine Msilamu."

"Nkhumba yake iti?" Sisita Glory anaika chala papepala. "Za nkhumba ziliko, inde. Koma apa dokotala analemba ndi dzanja lake: wodwalayu ndi Msilamu, sanabereke, ndamulangiza valavu yopangidwa ndi chikopa chokuta mtima wa ng'ombe, wakana katatu. Anakumasulira ndani?"

Zakia anafotokoza zonse, akupumira m'njira. Sisita Glory anamvetsera atakunga milomo.

"Tamvera, mwana wanga, ndikuuze zonse, osadulako. Ka ng'ombe sikafuna mapilisi a moyo wonse, ndipo mimba imayenda bwino. Koma kamatha. Mwa munthu wamng'ono ngati iwe mwina zaka khumi, mwina osafika, adzakung'ambanso. Kachitsulo kamakhalitsa. Alipo amabereka ali nako, koma ndi nkhondo, ndawaona ena akuluza. Palibe kabwino kotheratu. Thupi ndi lako."

"Ndingasinthe?"

"Bola usanagonetsedwe tulo ta opaleshoni. Dokotala adutsa muno chakumadzulo, ndikamuuza abwere ndi pepala lina."

Zakia anatenga foni nalemba uthenga. "Fahad, bwera. Sikanali ka nkhumba, ndi ka ng'ombe. Ndikusintha. Ana tidzakhala nawo."

Yankho linabwera nthawi ya nkhomaliro. "Ndibwera nthawi yoona odwala."

Zakia anasamba ndi sopo uja, anamanga mpango wake wabwino, nakhala kuyang'ana khomo.

* * *

Fahad analowa itangokwana nthawi, atanyamula jumbo ya malalanje. Anali atawonda. Anakhala pampando, osati pabedi, ndipo Zakia atatambasula dzanja iye anamupatsa malalanjewo.

"Wawerenga uthenga wanga?"

"Foni ndinaisiya pachaja kwa azakhali. Anayamba kuuwerenga ndi Asma."

"Ndiye Asmayo wamva manyazi?"

"Iye ananena kalekale kuti udzatero. Kuti ukaona zakuthina udzathawira ku nkhumba n'kumati ndi ng'ombe."

"Sisita!" anaitana Zakia. "Chonde muonetseni."

Sisita Glory anabwera ndi faelo, naitsegula pamaso pa Fahad. Fahad Chingerezi ankachidziwa. Anawerenga mzerewo, nauwerenganso.

"Waona?"

"Ndaona."

"Ndiye?"

Fahad anatseka faelo. "Ine ndaona. Amayi ku Namwera sanaone. Azimayi a kumzikiti ku Mayfair sanaone. Pofika masana nkhani inali itafika kale kumudzi, kuti Zakia akuikidwa mtima wa nkhumba. Amayi andiimbira akulira."

"Ukawauze zoona."

"Ndikawauze, iwo akhulupirire? Ndani adzatsegule pachifuwa pako kuti aone ngati ndi ng'ombe? Ukadzaphika, adzadya? Mwana woyamwa pamenepo adzamunyamula?"

"Wabodza ukumudziwa tsopano, Fahad. Wawerenga wekha."

"Ndi mwana wa azakhali. Nyumba yomwe ndimagona ndi yawo, ntchito anandipezera ndi iwo. Ukufuna ndikaime pakati pa anthu ndinene kuti mwana wawo ndi mfiti?"

"Inde."

Fahad anapukusa mutu ngati akulankhula ndi munthu wosamva. Anasendeza mpando pafupi, natsitsa mawu.

"Dzulo akuluakulu anakumana."

"Popanda wa kwathu?"

"Wa kwanu ali kuti kuno? Tamvera kaye. Tsiku la Disembala likhala lomwelo, a shehe anauzidwa kale. Koma nikahi idzakhala ya ine ndi Asma."

Makina a pabedi loyandikana ankangolira.

"Iwe sakukutaya," anapitiriza Fahad mofulumira. "Siya chitsulo chomwecho, anthu aone kuti za nkhumba zinali mphekesera. Ukachira, chaka chamawa, ndidzakutenga ukhale wachiwiri. Chipembedzo chimalola. Ana adzabereka Asma, iwe udzathandiza kulera. Sudzavutika ndi mimba, sadzakung'ambanso. N'zabwino kwa iwe, ukaganiza bwino."

"Asma wavomera?"

"Wavomera. Ali panjapo, akuti ngati ukufuna alowe mugwirane chanza."

"Iwe unati chiyani pamsonkhanopo?"

"Ndinakumenyera nkhondo, Zakia. Azakhali sankafuna n'komwe kumva dzina lako. Zoti ukhale wachiwiri ndinapempha ndine."

"Ndikuthokoze?"

"Usandiyankhe choncho. Wina akanangokusiya."

Nthawi yomweyo dokotala analowa, pepala latsopano lili m'manja. Anaima pafupi ndi bedi n'kuyamba kufotokoza, ndipo Sisita Glory ankamasulira chiganizo chilichonse, dokotala akatha iye n'kuyamba. Anatchula ng'ombe, anatchula zaka, anatchula opaleshoni yachiwiri ndi kuopsa kwake. Pomaliza anafunsa ngati Zakia akufuna kukambirana kaye ndi mwamuna wodzamukwatira.

"Muwauze kuti takambirana," anatero Zakia.

"Ganiza," ananong'ona Fahad. "Ukasaina pamenepo, ngakhale chitseko chachiwiri chija chatsekeka. Ana udzaberekera ndani?"

Zakia anatenga cholembera. Anaika pepalalo pabondo, nalemba dzina lake lonse pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Dokotala analandira, anamugwira paphewa, natuluka.

Fahad anaimirira. "Wadzitsekera wekha. Usadzanene kuti ndine."

"Tenga malalanje ako."

"Dikirani, achimwene," anatero Sisita Glory, akutsegula tsamba lina. "Apa pali dzina lanu. Munthu woti timuimbire zinthu zikavuta m'chipinda cha opaleshoni, woti adzamutenge akatuluka ndi kumusamalira masabata asanu ndi limodzi. Sadzatha kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Ndilisiye?"

Fahad anayang'ana pansi. "Fufutani."

Sisita Glory anadula mzere pa dzinalo, natembenukira kwa Zakia. "Ndilembe ndani, mwana wanga? Pakakhala popanda munthu, dokotala amakankhira opaleshoni kutsogolo, ndipo mtima wakowu suli woti n'kudikira. Ine sindiloledwa, ndine wantchito muno. Mnzako? Woyandikana naye nyumba?"

Zakia anaganiza za anthu a m'nyumba ya ku Yeoville, omwe ankangodutsana nawo pokatunga madzi. Mayina awo sankawadziwa.

Nsapato zinagogoda pakhomo. Asma analowa akumwetulira, makiyi a Fahad akulendewera pachala, naima kumiyendo kwa bedi.

"Shemu, musamuvutitse wodwala. Lembani langa, sisita. Kwathu chipinda chilipo." Anakonza bulangeti lomwe linafunda mapazi a Zakia. "Mapilisi ake ndizidzamuwerengera ndine. Mlamu wangayu Chingerezi chimamuvuta."